ZA NTHENDA YA M'CHIKHODZODZO NDI MBALE WAKE LIKODZO

Akristu okondedwa a m'midzi yozungulira Utale, ndi inu nonse amene kalata iyi ifika m'nyumba zanu:

Mwezi uno wa Korona dzuwa lakwiya m'chigwa chathu. Mu Rivirivi mwatsala mchenga ndi timaiwe pang'ono, amai alawirira ku mjigo tambala asanalire, ndipo amene ali kusosa m'minda ya thonje abwera kumudzi milomo itauma gwa. Nyengo yotere ikondedwa ndi nthenda ina imene anthu saichula pabwalo. Wodwala malungo anena poyera, ndipo anansi adza kudzamzonda. Wothyoka mwendo aonedwa ndi mudzi wonse. Koma womva moto potaya madzi angokhala chete, nati mumtima mwake, Ndidzayamba bwanji mau otere pamaso pa apongozi? Chifukwa chake tati tilembe za nthendayi pano, kuti iye amene manyazi am'manga pakamwa awerenge yekha, kapena amve mwana wa sukulu ali kuwerengera banja madzulo, atatha kupemphera Korona.

Pamene Abambo a Montfort anamanga misoni ya Utale m'chaka cha 1908, anaona kuti sangaphunzitse anthu katekisimu osayang'ananso zironda zao; ndipo pambuyo pake akhate, amene abale ao omwe anawaopa, anapeza pokhala pa Utale wachiwiri. Koma masiku amenewo munthu akagwidwa ndi nthenda imene tiri kunena lero, ngakhale dotolo wa ku Ulaya analibe mankhwala odalirika ompatsa. Mankhwala oyamba amphamvu opha tizirombo totere m'kati mwa thupi analengezedwa m'chaka cha 1935 ndi Gerhard Domagk wa ku Germany, ndipo penisilini anayamba kufika m'zipatala pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Agogo athu ena anaikidwa m'manda ndi nthenda imene lero ichizika ndi mapiritsi a masiku owerengeka.

Mulungu anaika m'thupi mwathu impsyo ziwiri, ina mbali iyi ya msana ina mbali iyo, pansi pa nthiti zotsiriza. Nchito yao ndiyo kusefa mwazi usana ndi usiku. Zoipa zimene zisefedwa zitsika pamodzi ndi madzi m'timitsempha tiwiri kufikira m'chikhodzodzo, ndimo mkodzo usungika mpaka munthu akautaye. Tsono m'matumbo mwa munthu ali yense, wodwala ndi wamoyo yemwe, mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, tochuluka koposa mchenga wa mu Rivirivi. Dotolo wa ana, Theodor Escherich, anafotokoza za mtundu umodzi wa tizirombo timeneti m'chaka cha 1885, ndipo mtunduwo uchulidwa ndi dzina lake mpaka lero. M'matumbomo tizirombo timeneti tiribe mlandu. Koma kachirombo kakasokera ndi kulowa pa njira ya mkodzo, kakwera m'chikhodzodzo, kaswana msanga, ndipo m'kati mwa chikhodzodzo mutupa ngati chironda. Njira ya mkodzo ya mkazi ndi yaifupi, monga masentimita 4 okha, ndipo khomo lake liri pafupi ndi potulukira chimbudzi. Ya mwamuna ifika masentimita 20 kapena pafupipo. Ndicho chifukwa chake nthendayi igwira akazi koposa, kotero kuti madotolo ayesa kuti mwina theka la akazi onse adzakomana nayo kamodzi pa moyo wao.

Apa tiime pang'ono, tilankhule ndi inu abambo. Kawirikawiri mkazi akaulula kuti amva kuwawa pokodza, mwamuna atukula maso nafunsa kuti, Waitenga kuti? Ndipo m'nyumba mulowa mlandu umene ufika kwa ankhoswe, nthawi zina kwa Bambo Mfumu amene. Dziwani kuti nthenda iyi igwira namwali wosadziwa mwamuna, igwira sisitere m'nyumba ya masisitere, igwira agogo a zaka 80 ndi khanda la kumsana. Tizirombo take ndi ta m'thupi la mwini wake. Nzoona kuti kukhalira pamodzi kwa m'banja kukhoza kukankhira tizirombo pa njirayo, ndipo akwati atsopano aibvutikira kwambiri. Koma m'menemo mulibe chimo liri lonse. Kuneneza mkazi wako popanda umboni ndiko chimo, ndipo liri ndi malo ake m'kulapa. Ziripo nthenda zina, monga chinzonono, zimene ziwotchanso pokodza, ndipo izo zidza ndi chigololo cha mmodzi wa awiriwo. Izo kawirikawiri zituruka ndi mafinya kapena zironda kumaliseche. Wosiyanitsa ziwirizi ndi wa kuchipatala. Akanena kuti ndi nthenda yopatsirana, mupite nonse awiri mukalandire mankhwala pamodzi, pakuti kuchiza mmodzi yekha ndi kutunga madzi ndi dengu.

Nanga mudzaizindikira bwanji? Mai amva kuwotcha kapena kulasa pamene mkodzo uturuka. Afuna kupita kuseri kawirikawiri, mwina kakhumi usiku umodzi, koma akafika aturutsa madontho okha, ndipo asanakhale pansi amvanso kuti chikhodzodzo chadzala. Pa chinena, pansi pa mchombo, palemera ndi kuwawa. Mkodzo uoneka wodetsedwa ngati madzi otsukira mpunga, ununkha koposa masiku onse, ndipo nthawi zina uli ndi mwazi. Pa msinkhu uwu thupi silitentha kwenikweni, ndipo maiyo akhozabe kusinja ndi kuphika. Nthendayi ikadali m'chikhodzodzo mokha, ndipo ndi pamenepa iyenera kugwidwa.

Ikalekereredwa, kwa ena itha yokha, tisabise. Koma kwa ena tizirombo tikwera ndi timitsempha tija kufikira ku impsyo, ndipo apo nkhani yasanduka ina. Thupi litentha kwambiri, munthu anjenjemera mano gwegwegwe ngakhale dzuwa liri pamutu, msana uwawa mbali imodzi pansi pa nthiti, kotero kuti mukagogodapo pang'ono ndi nkhonya adzidzimuka. Achita mseru nasanza. Kuchokera ku impsyo tizirombo tilowa m'mwazi, ndipo munthu amene Lachiwiri anali kumunda akhoza kukhala ali chikomokere Lachisanu.

Tsoka lake nlakuti zizindikiro izi zifanana ndi za malungo, ndipo ife a m'chigwa cha Shire kutentha thupi kuli konse tikuyesa malungo. Tamvapo nkhani yotere kangapo: mai atentha thupi, mwamuna athamangira ku golosale, agula panado ndi mapiritsi a malungo, papita masiku atatu, palibe kusintha, aitana wa zitsamba, papita ena awiri, potsiriza amkweza pa njinga kunka naye ku chipatala ali wosatha kukhala tsonga. Ndipo masiku onsewo iye anadziwa mumtima kuti sabata yapitayo anamva moto pokodza, koma palibe anamfunsa, ndipo iye sananene. Chotero tikupemphani: akakubayani chala ndi kunena kuti malungo mulibe, musabwerere kumudzi mukung'ung'udza kuti a chipatala akumanani LA. Nenani pomwepo za mkodzo, ngati chiripo chonena. Ndipo ngakhale malungo apezeke, nenanibe, pakuti nthenda ziwiri zikhoza kugona m'thupi limodzi.

Amai apakati ayenera kuchenjera koposa onse. Mwana akamakula m'mimba apsinja njira za mkodzo, mkodzo uchedwa kutsika, ndipo tizirombo tipeza mpata. Kwa mai wotere nthendayi ifulumira kukwera ku impsyo, ndipo ikhoza kuyambitsa matenda a kubala masiku asanakwane, mwana nabadwa wochepa thupi. Choopsya china nchakuti ena akhala ndi tizirombo m'mkodzo osamva kuwawa kuli konse. Ndicho chifukwa chake nkwabwino kuti mkodzo uyesedwe ku sikelo kumene zoyesera ziripo. Mai wapakati akamva kuwotcha pokodza asadikire tsiku lake la sikelo, apite m'mawa mwake. Akatentha thupi, apite tsiku lomwelo.

Khanda silinena pamene pawawa. Lingotentha thupi, likana bere, lisanza, lilira potaya madzi, kapena lingofooka osanenepa. Mwana wosakwana miyezi 3 akatentha thupi, musayese kanthu kena kunyumba; wa kuchipatala amuone lero. Mwana wamkulupo amene analeka kale kukodza pamphasa, akayambanso mwadzidzidzi, musafulumire kutenga mkwapulo. Mfunseni ngati pawawa.

Za madoda tinene mwachidule. Mwamuna akapitirira zaka 50, kanyama kena kozinga njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo kayamba kukula. Mkodzo uturuka mofooka, mwamuna aima nthawi yaitali kuseri kwa nyumba, ndipo wina utsala m'kati. Madzi oima ndiwo aswa tizirombo. Kukalamba kokha sikuletsa thandizo, pakuti mankhwala alipo ndipo kwa ena opaleshoni. Mkodzo ukatsekeka konse, mimba ya pansi nitupa, musagone naye usiku umenewo: ku chipatala alowetsa kapaipi kofewa, ndipo m'kamphindi mkuluyo apuma. Agogo okalamba kwambiri nthawi zina sadandaula za kuwawa, angoyamba kubwebweta ndi kusazindikira adzukulu ao thupi liri lotentha. Musathamangire kunena za ufiti, kawayezetseni. Odwala shuga nawonso nthendayi iwabwerera kawirikawiri, kotero kuti amene imbwerera kosalekeza apemphe kuti amuyese shuga.

Tsopano tifike pa likodzo, limene kuno kwathu sitingalidumphe. Mnyamata wa zaka khumi akakodza, ndipo madontho otsiriza ali ofiira, anzake aseka, ndipo akulu ena ati, Wakula ameneyo, ndi umuna. Ai ndithu, abale. Mwazi umenewo uchokera pa zironda za m'chikhodzodzo. Mwini mlandu ndi nyongolotsi yaing'ono imene dotolo wa ku Germany, Theodor Bilharz, anaipeza m'mitembo ku Cairo m'chaka cha 1851. Panapita zaka zoposa 60 anthu osadziwa bwino njira imene ilowera m'thupi, kufikira Robert Leiper anaonetsa ku Egypt komweko m'chaka cha 1915 kuti idzera mu nkhono za m'madzi.

Ulendo wake uli wotere. Wodwala likodzo akakodza m'dambo kapena m'thamanda, mazira a nyongolotsi aturuka ndi mkodzowo naswa m'madzi. Timphutsi take tilowa mu nkhono zazing'ono zokhala pa maudzu a m'madzi odekha, tichuluka m'menemo mwezi umodzi kapena kuposapo, ndipo tituruka miyandamiyanda kusambira m'madzi. Mwana wodza kudzasamba, mai wochapa, bambo wobvuula nsomba kapena wothirira dimba atalowetsa miyendo m'ngalande, onsewa timphutsi tiwaboola khungu osamva kanthu, koma mwina kuyabwa pang'ono. M'thupi tikula ndi kukhala nyongolotsi, yaimuna ndi yaikazi, zimene zikhala m'mitsempha ya mwazi yozinga chikhodzodzo zaka zingapo, ziri kuikira mazira tsiku ndi tsiku. Mazira ena aboola chikhodzodzo naturuka, ndiwo mwazi uja. Ena atsakamira m'mnofu, ndipo pa zaka zambiri chikhodzodzo chiuma, njira zochokera ku impsyo zitsekeka, ndipo kwa ena pabuka khansa. Mwa akazi mazirawo afikanso ku ziwalo zoberekera, nachititsa zironda, kutaya mwazi, ngakhale kusabala kumene. Ndipo ambiri a iwo anamiziridwa nthenda za chigololo pachabe. Chikhodzodzo chokhala ndi zironda za likodzo chigwidwanso msanga ndi tizirombo tija ta m'matumbo. Ndicho chifukwa chake taziika nthenda ziwirizi m'kalata imodzi.

Kale mankhwala a likodzo anali oopsya. Kuyambira m'chaka cha 1918, pamene dotolo Christopherson analengeza zimene anapeza atawayesa ku Khartoum, odwala analandira jekeseni zambiri za mumtsempha, za mankhwala aululu amene anasanzitsa anthu ndi kupha ena. Lero kuli mapiritsi a praziquantel, opezedwa m'zaka za m'ma 1970, amene amwedwa tsiku limodzi lokha, kuchuluka kwake monga mwa kulemera kapena kutalika kwa munthu. Ndiwo aja alangizi a zaumoyo afika nao m'sukulu, naimika ana pa ndodo yoyezera. Tamva makolo ena aletsa ana ao kupita ku sukulu tsiku limenelo, ati mapiritsiwo aletsa kubala. Bodza limenelo litipweteka mtima, pakuti choletsa kubala ndi likodzo lomwe. Chimene muyenera kuchita ndi kumdyetsa mwana phala kapena nsima asanamwe, chifukwa pa mimba ya njala mapiritsiwo achititsa chizungulire ndi kupotokola m'mimba. Kumbukiraninso kuti mankhwalawa apha nyongolotsi zimene ziri m'thupi lero, koma satseka khungu. Mwana akabwerera m'thamanda lomwelo adzatenganso zina. Madzi osamba otungidwa m'dambo muwatenthe, kapena muwasunge mumtsuko masiku awiri athunthu, pakuti timphutsi sitikhala ndi moyo nthawi yotere popanda munthu. Ndipo ana aphunzitsidwe kuti m'madzi sakodzamo.

Tibwerere ku nthenda yathu yoyamba. Mukafika pamaso pa dotolo kapena namwino, nenani molunjika. Mau akuti m'thupi simuli bwino sathandiza munthu amene ali ndi mzere wa odwala pakhomo. Nenani tsiku limene kuwawa kunayamba, ngati mwaona mwazi, ngati muli ndi pakati kapena mukayika, ndi mankhwala onse amene mwamwa kale, a zitsamba omwe. Akakupatsani kabotolo, yambani mwasamba, tayani mkodzo woyamba pansi, ndipo muike wa pakati m'kabotolomo. Ena aviikamo kapepala kosintha maonekedwe, ena auyang'ana pa galasi lokuza zinthu, m'mene aona mafinya kapena mazira a likodzo. Pofuna mazirawo, mkodzo wa dzuwa liri pamutu ndiwo woposa.

Nthenda ikakhala m'chikhodzodzo mokha, mkazi apatsidwa mapiritsi a masiku 3 kufikira 7, monga mwa mtundu wake. Mwamuna, mai wapakati ndi amene yamkwera ku impsyo alandira a masiku ochulukirapo, ndipo wosanza kapena wofooka agonekedwa kuti alandire jekeseni ndi madzi a mumtsempha. Maina amene mudzaona m'buku lanu la chipatala ndi monga nitrofurantoin, ciprofloxacin ndi ceftriaxone. Si onse ayenera mai wapakati, ndipo nitrofurantoin sagwira bwino nchito ku impsyo. Tsono kusankha nkwa dotolo. Pakapita masiku awiri muli kumwa ndipo simuona kusintha, bwererani mukanene.

Pali chizolowezi chimodzi chimene tiyenera kuchidzudzula kolimba. Munthu agula makapisozi awiri kapena anai pa msika, amwa, kuwawa kuchepa, naleka. Wina alandira mapiritsi ku chipatala, amwa theka, otsalawo asunga pa tsindwi kapena agawira mlamu wake. Potero mupha tizirombo tofooka ndi kusiya tolimba, ndipo tolimbato ndito tiswana ndi kufalikira m'mudzi. Izi zaoneka kale m'dziko lathu lino. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre madotolo anasunga chiwerengero cha tizirombo topezeka m'mwazi wa odwala kuyambira 1998 kufikira 2016. Mwa tizirombo ta dzina la Escherich tija, tosamva jekeseni zamphamvu za mtundu wa ceftriaxone tinali tosakwana 1 pa 100 m'chaka cha 2003. Pofika 2016 tinali 30 pa 100. Bactrim, amene kale anali mankhwala a nthendayi, lero alephera kwa ambiri. Mankhwala amene agogo athu sanawaone, ife tiri kuwaononga ndi manja athu. Za zitsamba tingonena ichi: chimene chichulukitsa mkodzo chikhoza kupepuza kuwawa tsiku limodzi, koma palibe muzu wodziwika umene uchotsa tizirombo m'impsyo, ndipo mizu ina yowawa kwambiri ipsyereza impsyo zomwezo.

Kupewa kwake sikufuna ndalama. Choyamba ndi madzi akumwa. M'chaka cha 2018 madotolo analengeza zimene anapeza pa akazi 140 a ku Bulgaria amene nthendayi inali kuwabwerera kawirikawiri: theka la iwo anauzidwa kumwa madzi oonjezera lita imodzi ndi theka tsiku liri lonse, ndipo pa chaka chimodzi awa anadwala monga theka la m'mene anadwalira anzao. Tidziwa kuti mwezi uno madzi adza ndi thukuta la mai, ndipo iye amene awasenza ndiye amwa potsiriza. Koma chigubu chipite kumunda pamodzi ndi khasu. Mkodzo ukhale woyera ngati udzu wouma. Ukafiira ngati tiyi, thupi liri kupempha madzi. Musaumirize mkodzo tsiku lonse chifukwa cha manyazi, pa maliro, pa ulendo wa ku Balaka, kapena m'chalichi. Kuturuka pang'ono pakati pa Misa chifukwa cha ichi si kunyoza Mulungu. Inu a komiti ya sukulu, yang'anani chimbudzi cha atsikana: chikakhala chopanda chitseko, ana athu aumiriza kuyambira m'mawa mpaka kuweruka.

Zotsalazi amai aphunzitse ana ao akazi kuseri, monga mwa mwambo. Podzipukuta kuchimbudzi, dzanja lichoke kutsogolo kunka kumbuyo. Nsalu za kumwezi zichapidwe ndi sopo ndi kuumitsidwa bwino pa dzuwa, ngakhale mutaziphimba ndi kansalu kena kopyapyala. Zoyanika pansi pa mphasa siziuma. Thewera la khanda lisinthidwe likangodetsedwa. Mkazi wa pabanja ataye madzi atatha kukhala ndi mwamuna wake. Ndipo anamkungwi aleke kulangiza za kuika zitsamba, sopo kapena miyala yosinja m'kati mwa thupi, pakuti izi zisupula khungu lofewa ndi kutsegulira nthenda khomo.

Chatsala ndi ulendo. Ambiri achedwa chifukwa alibe njinga, kapena alibe womsiyira ana ndi mbuzi, kapena aopa ndalama. Apa mpamene mphakati uyenera kuonekera: wina abwereke njinga, wina atenge ana, amai awiri aperekeze wodwala. Zipatala za misoni pa Utale ziri pafupi, ndipo chipatala cha boma ku Balaka sichilipiritsa. Wodwala akafooka kwambiri, tumizani mau kwa wansembe kuti adzampatse Sakramenti la Odwala, koma musaimitse ulendo podikira iye. Adzakupezani ku chipatala. Tengani buku la chipatala la wodwalayo, mapepala kapena mabotolo a mankhwala onse amene wamwa, chitenje chapadera, ndi chigubu cha madzi akumwa pa njira.